Amayi akayambitsa nyimbo, kiyi muipeza bwanji?

Mnyamata wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata, wanditumizira imelo. Akuti amaimba kiyibodi kutchalitchi, koma amayi achigwirizano akayambitsa nyimbo mwadzidzidzi, iye amangogogoda mabatani uku ndi uku mpaka ndime yoyamba kutha. Funso lake n'lakuti, kiyi ya nyimbo angaidziwe bwanji?

Mng'ono wanga, yambani mwachotsa manja pa kiyibodi, mutchere khutu. Nyimbo iliyonse ili ndi liwu limene imakapumirapo, ndipo kawirikawiri ndi pamene ndime imathera. Ameneyo ndiye doh. Mung'ung'udzeni chapansipansi, kenaka mumusake ndi chala chimodzi. Manotsi alipo 12 okha, mabatani oyera 7 ndi akuda 5, kwinako n'kubwereza, choncho kusakako sikutenga nthawi. Doh akagwera pa G, ndiye kuti kiyi ndi G.

Mukam'peza doh, sikelo, kutanthauza mndandanda wa doh-re-mi-fa-so-la-ti-doh, imakwera motere: kuchoka pa liwu lina kufika pa linzake mumadumpha batani limodzi, loyera kapena lakuda, kupatula malo awiri. Mi ndi fa ngogundana, ti ndi doh nawonso. N'chifukwa chake C amayenda pa oyera okhaokha, G amafuna batani lakuda la F#, pomwe F amafuna lakuda la Bb.

Ma chord (manotsi olizidwa pamodzi) oyambira ndi atatu: doh-mi-so, fa-la-doh, so-ti-re. Mu G amenewa ndi G, C ndi D. Mu F ndi F, Bb ndi C. Nyimbo zambiri zamakwaya athu, ngakhalenso za kalindula, zimazungulira pa atatuwa. Pamene nyimbo yalowa kachisoni, yesani la-doh-mi, yemwe mu G ndi E minor.

Ndimakonda kuphunzitsa ndi doh-re-mi kusiyana ndi zilembo chifukwa sizachilendo kwa ife. Njirayi, yotchedwa sol-fa, anaifalitsa ndi John Curwen ku England, ndipo inafika m'matchalitchi mwathu kudzera mwa amishoni. Aphunzitsi ambiri akwaya amaidziwa. Apempheni akuimbireni nyimbo imodzi mu sol-fa, inu muzitsatira ndi chala.

Koma batani la transpose, lomwe limakweza kapena kutsitsa kiyi inu mukugogoda mabatani omwewo, chonde musalizolowere. Limapulumutsa Lamlungu limodzi, koma limakumangirirani mu C, ndipo tsiku limene mudzapatsidwe kiyibodi yachilendo pamaliro mudzasowa pogwira. Jambulani amayiwo pafoni pa mapemphero a Lachinayi, madzulo muzisaka doh wa nyimbo iliyonse. Akayambira pakati pa manotsi awiri, sankhani liwu loyandikira, mulilize mofatsa, iwo adzatsetserekera komweko okha.