Mwana wanga akupita ku Scotland ndi gulu la achinyamata: kodi sadzabwerako atataya mwambo?

FUNSO

Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Zomba. Mwana wanga wachiwiri, mtsikana wa zaka 16 amene ali Folomu 3, wasankhidwa pamodzi ndi anzake a m'gulu la achinyamata pampingo pathu kuti akacheze kwa milungu iwiri ku mpingo wina wa ku Scotland umene tili nawo pa ubale. Adzanyamuka mu July sukulu zikadzatsekera, ndipo azikagona m'makomo mwa akhristu a kumeneko. Bambo ake akondwa kwambiri, koma ine mtima wanga suli m'malo. Mwanayu sanatulukepo m'dziko muno. Ndimamva kuti ana a kumeneko amatchula akuluakulu mayina, sagwada, ndiponso amayankha makolo mmene afunira. Kodi sadzabwerako atataya mwambo? Nanga ndimukonzekeretse bwanji?

Mayi wankhawa, Zomba

YANKHO

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma ndikuuzeni mosabisa kuti chimene mukuchiopa kwambiri si chimene ine ndikuchiona kukhala choopsa. Mwambo umene mwakhala mukumuphunzitsa mwana kwa zaka 16 sungasungunuke m'milungu iwiri. Chimene chimasokoneza ana athu pa maulendo otere ndi kufika kwa eni asakudziwa kumasulira zimene maso awo akuona, ndipo mapeto ake ena amayamba kuchita manyazi ndi kwawo, pamene ena amangogamula kuti eni nyumba ndi anthu opanda khalidwe. Ntchito yanu m'miyezi yatsalayi ndi kumuthandiza kuti asagwere mbali iliyonse mwa ziwirizi.

Tiyambe ndi nkhani ya ulemu, popeza ndiyo ikukusowetsani tulo. Zimene mudamvazo n'zoona. Mayi wa m'nyumba imene mwana wanu akagonemo, ngakhale atakhala wa msinkhu wa agogo ake, mwina akamuuza tsiku loyamba lomwelo kuti azingomutchula dzina. Mwana woleredwa bwino wa ku Zomba lilime likamulemera, ndipo mpake. Koma mufotokozereni kuti kwa anthu amenewo, kukupatsa dzina lawo ndi njira yokuuza kuti suli mlendo, uli pakhomo. Chimodzimodzinso nkhani ya maso. Kuno mwana akamayankhula ndi wamkulu amazolika, ndipo timati ndi waulemu. Kumeneko mwana wozolika amaganiziridwa kuti wakhumudwa, akudwala, kapena akubisa kanthu. Akamagwada popereka madzi, eni nyumba akhoza kuchita mantha kuti mwina amusandutsa wantchito. Ulemu wawo uli m'zinthu zina: kuthokoza pa kanthu kalikonse ngakhale kochepetsetsa, kuima pamzere popanda kulowerera, kugogoda pachitseko cha chipinda cha munthu, ndi kufika pa nthawi yeniyeni imene mwagwirizana. Mwana wochedwa ndi theka la ola pa nthawi ya chakudya, kwa iwo wachita chipongwe chofanana ndi chimene inu mungamve mwana atakupatsirani chinthu ndi dzanja lamanzere.

Sindikunena kuti asiye zonse za kwathu pabwalo la ndege. Kulandira ndi manja awiri, kupereka moni m'mawa uliwonse, kuchotsa mbale patebulo asanauzidwe, zimenezi apite nazo, ndipo zikamukondetsa kwa anthu. Akafunsidwa chifukwa chimene amachitira zimenezo, afotokoze momasuka, pakuti eni nyumba nawonso adavomera kulandira mlendo n'cholinga choti aphunzire.

Chinanso chimene chimagwetsa ana athu ndi mwambo wokana kaye. Kuno mlendo akafunsidwa ngati adye, amati wakhuta, podziwa kuti eni nyumba amukakamiza kawiri kapena katatu. Ku Scotland akakana kamodzi, mbale imachotsedwa, ndipo akagona ndi njala popanda woipa mtima aliyense. Muuzeni kuti akafuna azinena kuti akufuna. Adziwenso kuti mabanja ambiri kumeneko chakudya chamadzulo amachitchula kuti tiyi, ndiye akaitanidwa ku tiyi cha m'ma 6 koloko asayembekezere kapu ndi buledi n'kumadikira mgonero wina pambuyo pake. Nsima ikamusowa, ndipo masiku oyamba akamva ngati sanadye ngakhale atadya mbatatesi zodzaza mbale. Akulu adati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ulifuna. Alawe zimene wapatsidwa, ndipo galu akadzalowa m'nyumba n'kukhala pampando, asafuule.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuchiona kuti n'chachikulu. Mwana wanu sakupita kudziko lachilendo kwenikweni, ndipo ndi bwino apite akudziwa zimenezi. Mzinda wathu wa Blantyre udatenga dzina la tauni yaing'ono ya pafupi ndi Glasgow, kumene David Livingstone adabadwira mu 1813. Amishoni a ku Scotland adakhazikitsa Livingstonia mu 1875, poyamba ku Cape Maclear, ndi mishoni ya Blantyre mu 1876. Dr Hastings Kamuzu Banda adaphunzira udokotala ku Edinburgh, ndipo mu 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi mtsogoleri wa boma la Scotland pa nthawiyo, Jack McConnell, adasainirana pangano la mgwirizano wa maiko awiriwa. Maubale a mipingo ndi masukulu onga a pampingo panuwo akuyenda m'njira imene idalambulidwa kalekale. Ngati gululo lidzapite kukaona nyumba imene Livingstone adabadwiramo, yomwe tsopano ndi malo osungirako mbiri yake, mwana wanu akaonetsetse bwino: banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, ndipo Livingstone adayamba kugwira ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Mwana amene waona chipinda chimenecho amasiya kuganiza kuti umphawi ndi chilema cha anthu akuda.

Ndikunena zimenezi chifukwa akakumana ndi mafunso opweteka. Ana ambiri a ku Scotland adamva za Malawi kudzera ku bungwe la Mary's Meals, lomwe lidayamba kupereka phala m'masukulu kuno mu 2002, kapena kudzera m'zopereka za kumpingo ndi kusukulu kwawo. Choncho mnzake wa msinkhu wake, mosafuna kunyoza, akhoza kumufunsa ngati kwawo amadya tsiku lililonse, kapena ngati adaonapo foni. Mtsikana wa zaka 16 funso lotere limamulasa, ndipo ngati alibe choyankha amayamba kunama kuti kwawo n'kolemera, kapena amangokhala chete ndi mkwiyo. Khalani naye pansi mukambirane mayankho ake. Njala iliko, ndipo asaikane, koma adziwenso kufotokoza za phiri la Zomba, za nyanja ya Chilwa, za sukulu yake, za mmene maliro a pamudzi amasonkhanitsira anthu mazanamazana popanda kalata yoitanira. Anyamule zithunzi za pakhomo, aphunzire bwino nyimbo ziwiri kapena zitatu ndi gule mmodzi, ndipo atsogoleri a gululo apemphe tsiku limodzi loti anawo aphike nsima ndi kudyetsa eni nyumba ndi manja. Tiyi wa ku Thyolo kapena chitenje ndi mphatso yokwanira. Mlendo amene wabwera ndi kanthu m'manja amakhala pampando mosiyana ndi amene wangobwera kudzalandira.

Popeza ulendowu ndi wa mpingo, muchenjezeninso za tsiku la Mulungu. Iye akuganiza kuti dziko limene lidatitumizira amishoni lili ndi matchalitchi odzaza. Kalembera wa mu 2022 adaonetsa kuti anthu opitirira theka ku Scotland adanena kuti alibe chipembedzo chilichonse, ndipo m'matchalitchi ambiri akapeza anthu ochepa, ambiri mwa iwo okalamba, mapemphero ake otha mu ola limodzi. Achinyamata anzake ena akamuuza mosaopa kuti sakhulupirira Mulungu. Asakwiye, ndiponso asadzione ngati wolephera akasowa mawu owayankha. Kwa ine, mwana amene wakumana ndi funso lotere ali pakati pa atsogoleri a mpingo wake ali pabwino kusiyana ndi amene adzakumane nalo yekhayekha ku koleji.

Za nyengo ndingonena mwachidule. Chilimwe chawo chimafanana ndi June wa ku Zomba wokhala ndi chiperoni, choncho juzi ndi jekete ya mvula zisasowe m'chikwama. Mu July dzuwa limalowa pakati pa 9 koloko ndi 10 koloko usiku, ndipo mwana wozolowera kuyang'ana dzuwa adzasokonezeka ngati sayang'ana wotchi. Nthawi yawo m'miyezi imeneyo ili kumbuyo kwa yathu ndi ola limodzi lokha. Chingerezi cha ku Glasgow chikamuvuta masiku oyamba ngakhale atakhala kuti amakhoza bwino m'kalasi, ndipo kupempha munthu kuti abwereze pang'onopang'ono si chamanyazi.

Pali mbali ina imene simunaifunse, koma ndiyo muyenera kuumirirapo monga kholo. Mwana wosakwana zaka 18 amafunika pasipoti, viza ya alendo, ndi kalata yanu yovomereza ulendowo, pamodzi ndi dzina ndi adiresi ya amene akamusunge. Palibe ndege yochoka kuno n'kukatera ku Britain mwachindunji, ndiye akasintha ndege m'mizinda monga Addis Ababa kapena Nairobi, kumene mwana aliyense ayenera kukhala pafupi ndi mtsogoleri. Funsani atsogoleriwo, mosachita nawo manyazi ngakhale atakhala abusa, kuti ndi mayi uti wamkulu amene akupita ndi atsikanawo, ngati anawo azikagona awiriawiri, ndiponso ngati mabanja owalandirawo adafufuzidwa, pakuti ku Scotland kuli ndondomeko ya boma yofufuzira mbiri ya akuluakulu ogwira ntchito ndi ana. Mwana wanu asunge pamtima nambala ya mtsogoleri wake ndi nambala ya 999 ya pangozi, ndipo adziwe kuti wina akamuchita zosayenera, kuulula si kunyoza eni nyumba. Nyama ndi zamkaka saloledwa kulowa nazo m'dzikolo. Ndipo ngati pali wachibale amene akumunong'oneza kuti akakafika asabwerere, mudzudzuleni msanga: viza ya alendo silola kugwira ntchito, ndipo mwana mmodzi wothawa amatsekera njira anzake onse a pambuyo pake.

Akadzabwerako, yembekezerani kuti kwa milungu ingapo nkhani zake zonse zizidzayamba ndi Scotland. Adzadandaula magetsi akazima, adzaona zinyalala mumsika zimene kale sankaziona, ndipo mwina tsiku lina adzakuyang'anani m'maso poyankha. Musathamangire kunena kuti wadzitukumula. Akakuyankhani mwachipongwe mudzudzuleni monga mwa masiku onse, koma akamafunsa chifukwa chimene timachitira zinthu mwanjira yakutiyakuti, muyankheni, ndipo pamene yankho mulibe mutumizeni kwa agogo ake. Mufunseninso zimene zidamusowa ali kumeneko ndi zimene eni nyumba adadabwa nazo mwa iye. Pomaliza pa sabata yoyamba mukhale naye pansi alembe kalata yothokoza banja limene lidamusunga, ndipo inu muikemo mzere wanu pamunsi pake.