Nsalu yophunzirira kusoka: musayambire pa chitenje chatsopano

Funso: Mwana wanga wamkazi wayamba maphunziro osoka pa koleji ya ntchito zamanja ya m'dera lathu. Sabata iliyonse akufuna nsalu yoyeserera, ndipo zitenje ziwiri zimene ndinamugulira waziwononga kale. Ine ndimangogulitsa tomato pamsika. Nsalu yotsika mtengo ndingaipeze kuti? Ndine mayi wa ku Lunzu.

Yankho: Mayi, mwanayo musamukalipire. Wophunzira kusoka aliyense amadula mokhotakhota, amasoka n'kumasula, n'kusokanso pomwepo mpaka nsalu kuboola. Ndi mmene dzanja limazolowerera. Cholakwika n'chakuti wayambira pa nsalu yodula, pamene miyezi yoyambayi imafuna nsalu yoti ikawonongeka mtima usapweteke.

Masiku oyamba enieni nsalu siifunika n'komwe. Ajambule mizere yowongoka, yokhota ndi yozungulira papepala, achotse ulusi pamakina, aziyendetsa singano motsata mizereyo mpaka phazi ndi manja zigwirizane. Nyuzipepala zakale zimagwiranso ntchito podula mapatani. Singano yoboolera mapepalayo imabuntha, choncho aisunge payokha.

Akafika pa nsalu, pitani pa kaunjika, koma musapite pamulu wa madiresi ndi mabulauzi. Funsani amene atsegula belo la mashiti a pabedi, makatani ndi nsalu za patebulo. Chitenje chimene timagula chija chimakhala mamita 2 m'litali, m'lifupi n'kungopitirira pang'ono mita imodzi, pamene shiti ya bedi lalikulu nthawi zambiri imaposa mamita 2 mbali zonse. Mu shiti imodzi mumatuluka siketi, kabudula wa mwana ndi zidutswa zoyeserera matumba ndi kolala. Ngakhale yothimbirira pakona kapena yong'ambika m'mphepete tengani, ndipo chilemacho chikhale ponenerera mtengo. Inu nokha mukudziwa mmene tomato amatsikira dzuwa likapendeka. A kaunjika nawonso belo likatsala zotsalira safuna kubwerera nazo kunyumba. Ku Limbe mupeza zambiri, ndipo mashopu a DAPP nawo ndi oyenera kusuzumiramo.

Koma si nsalu iliyonse yotchipa imene ili yabwino kwa woyamba, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amataya ndalama. Nsalu zonyezimira zoterera zija, ndi zotamuka ngati za matisheti, zimathawa pansi pa singano, msoko n'kukwinyika, mwana n'kuyamba kudziona ngati mbuli pamene vuto ndi nsalu. Sankhani ya thonje yosatamuka. Poyesa, ikokeni m'litali ndi m'lifupi: ikangotamuka kwambiri, isiyeni. Ifinyeni m'dzanja, ya thonje imatsala ndi makwinya, ndipo ndi imene imamvera simbi. Kenako iyang'anitseni kudzuwa. Pamene payera kwambiri ndi pamene patha, ndipo shiti imayamba kutha pakati. Ngati n'kotheka tengani yopanda maluwa kapena ya mizere, chifukwa msoko wokhota umaonekera msanga, pamene maluwa a chitenje amabisa zolakwika zimene aphunzitsi akufuna kuziona. Mukafika nayo kunyumba ichapidwe ndi kusitidwa isanadulidwe, poti thonje limabwerera likalowa m'madzi.

Kwinanso ndi kwa atelala a m'makonde a sitolo. Madzulo amasesa zidutswa, zambiri n'kukazitaya. Mwanayo apite yekha, adzitchule kuti ndi wophunzira, apemphe mwaulemu. Ena amangopereka, ena amafuna kangachepe. Phindu lake si zidutswa zokha: maphunziro a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, amafuna kuti wophunzira akagwireko ntchito kwa odziwa, ndipo telala amene wamuzolowera ndi amene angadzamulandire nthawiyo ikakwana. Zovala zakutha za m'nyumba mwanunso musazitaye. Malaya akale a bambo akamasulidwa msoko ndi msoko amaphunzitsa mmene mkono umalumikizidwira, ndipo zipi ndi mabatani ake n'zogwiritsanso ntchito.

Nsalu yatsopano idzafunika ndithu, makamaka pa chovala cha mayeso. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, nsalu zochokera kunja zakwera kwambiri, ndiye kugula mita imodzi-imodzi kumapweteka. Asonkherane ndi anzake anayi kapena asanu a m'kalasi, akagule mpukutu m'mashopu ogulitsa zambiri ku Limbe, adzagawane. Musanatulutse ndalamayo, iye afunse aphunzitsi mtundu wa nsalu ndi mamita amene akufunika, ndipo chovalacho ayambe wachisoka pa shiti ya kaunjika, achiyese pathupi, akonze pamene pathina, ndiye adule nsalu yeniyeniyo.