Za ku Tromsø: kuzizira mudzakupirira, konzekerani mdima

Achemwali, takunyadirani kuti mwapeza malo ku yunivesite ya Tromsø, kumpoto kwa Norway. Mwafunsa ngati munthu wokulira ku Chikwawa angapirire kumeneko, komanso zoti mugule musananyamuke mu Ogasiti. Ine ndinakhalako zaka ziwiri, ndipo ndikuuzeni kuti chinandisautsa si chomwe ndinkachiopa ndili kuno.

Tauniyi ili makilomita pafupifupi 350 kumpoto kwa Arctic Circle, mzere wa pamapu pomwe pamayambira chigawo cha kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, koma nyanja imaifunditsa. Madzi ofunda ochokera kummwera kwa Atlantic amayenda m'mbali mwa gombe la Norway, moti doko siliundana ngakhale mu Januwale. Mwezi umenewo kumakhala cha m'ma digiri 4 pansi pa ziro. N'kozizira kuposa Dedza mu Juni, inde, koma nyumba, mabasi ndi makalasi zonse n'zofunda. Kuzizira koopsa kuli kumtunda, kutali ndi nyanja, ngati ku Karasjok komwe mu 1886 kunafika madigiri 51.4 pansi pa ziro.

Nkhani yagona pa dzuwa. Ife tinazolowera kuti limatuluka m'mawa n'kulowa madzulo, chaka chonse. Kumeneko kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale silituluka n'komwe. Eni ake nyengoyi amaitcha mørketid. Masana kumayera pang'ono kwa maola ochepa, ngati chisisira, kenako bii. Chaka choyamba ndinkadzuka thupi lili lefu, 2 koloko masana ndikuyasamula, usiku tulo osabwera. Ndinkadzitsekera m'chipinda poganiza kuti ndikupuma, chikhalirecho ndikudzikulitsira vuto. Chomwe chinandithandiza chaka chachiwiri n'chakuti ndinkadzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo masana ndinkatuluka kukayenda pamene kwayera, ngakhale kukugwa chipale chofewa. Pezaninso anthu msanga, kaya kutchalitchi, kwaya kapena gulu lophikira limodzi, mdima usanafike. Mu Disembala mphamvu zokayamba ubwenzi ndi anthu atsopano simudzakhala nazo.

Musaiwale vitamini D. Khungu lathu lakuda limachedwa kumupanga dzuwa likachepa, ndiye mukafika funsani adokotala kapena kufamase za mlingo wake. Anthu akumeneko amamwa mafuta a nsomba otchedwa tran. Kukoma sakoma, koma amapezeka m'golosale iliyonse.

Za zovala, musataye ndalama kugula chijekete chachikulu pa kaunjika kuno n'kudzaza nacho chikwama. Mukufika mu Ogasiti kusanazizire, ndipo kumeneko nakonso kuli kaunjika wake m'masitolo a Fretex. Chinsinsi ndi kuvala mophatikiza: zaubweya wa nkhosa zogwira thupi mkati, juzi pamwamba pake, kenako jekete yotchinga mphepo ndi madzi. Zathonje zikanyowa ndi thukuta zimakuziziritsani. Muguleko nsapato zokulirapo kuti sokosi zaubweya zilowe bwino, magulovu ndi chipewa chophimba makutu.

Pali tinthu tiwiri totchipa tomwe palibe anandiuza. Koyamba ndi brodder, timisomali tomangirira kunsi kwa nsapato. Poti nyengo ya m'mbali mwa nyanja imasinthasintha, chipale chimasungunuka masana n'kuundananso usiku, msewu n'kuterera kuposa therere. Ine ndinagwa chagada pamalo okwerera basi, mkono unatupa sabata yathunthu. Kachiwiri ndi refleks, kanthu konyezimira kopachika pajekete kuti oyendetsa galimoto akuoneni mumdima. Chipale chokha chimagwa chambiri zedi, mu Epulo 1997 chinaunjikana mpaka masentimita 240. Anzanu akakuitanirani kumapiri, onani kaye pa Varsom, tsamba la pa intaneti la machenjezo, ngati kuli chenjezo la chipale chogumuka, chifukwa chimapha anthu m'mapiri a m'derali.

Zokoma ziliponso. Kuyambira Seputembala mpaka Malichi, kumwamba kukayera usiku, mudzaona kuwala kobiriwira kukuvina m'mlengalenga, kumene alendo amalipirira ndalama zambiri kudzaona inu mukukuonera pakhomo. Pa 21 Januwale dzuwa likasuzumira pamwamba pa mapiri anthu amakondwerera ndi mabanzi otchedwa solboller, ndipo ine ndinapezeka misozi ili m'maso osadziwa kuti yabwera liti. Pa 6 Febuluwale ndi tsiku la Asami, eni nthaka akumpotoko, omwe ena mwa iwo amaweta nyama zonga mphalapala zotchedwa rein. Sabata imeneyo kumakhala mpikisano wothamanga wa nyamazi ku Tromsø. Mukakumana ndi Asami atavala zachikhalidwe, pemphani kaye musanajambule.

Kenako zinthu zimatembenuka. Kuyambira cha pa 20 Meyi mpaka kumapeto kwa Julayi dzuwa sililowa, pakati pausiku kuli ngwee, ana akusewera panja. Mudzafuna makatani ochindikala, apo ayi tulo mudzatiiwala.

Chakudya n'chodula, ndiye muziphika nokha. Nsomba ndi zambiri, makamaka skrei yomwe imabwera kugombe kuyambira Januwale mpaka Epulo, ndipo imayenda bwino ndi nsima. Ufa wa chimanga muzikaufuna m'timasitolo togulitsa zakudya za ku Asia ndi ku Africa. Mthiko wokha nyamulani kuchokera kuno, chifukwa ine ndinavutika miyezi itatu ndikuphika nsima ndi supuni.