Mafunso ndi Mayankho: Bwanji tikumbukirabe asilikali amene anafera nkhondo za atsamunda?

FUNSO: Akonzi, chaka chilichonse m'mwezi wa Novembala timaona atsogoleri atavala kaduwa kofiira pachifuwa, akuika nkhata za maluwa pazipilala za asilikali. Ophunzira anga amandifunsa chifukwa chimene timalemekezera anthu amene ankamenyera nkhondo mfumu ya ku Mangalande, chonsecho tili kale ndi tsiku la 3 Malichi lokumbukira amene anafera ufulu wathu. Kodi ndiziwayankha bwanji? Ndine mphunzitsi wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Aphunzitsi, ana anuwo akufunsa zanzeru, ndipo si iwo oyamba kufunsa motero. Mu Novembala 1914 Mbusa John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a dziko lino akutumizidwa kukafa pankhondo imene sinali yawo. Choncho musawabisire kuti nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse anaziyambitsa ndi maiko a ku Ulaya pa zifukwa zawozawo. Koma muwauzenso kuti magazi amene anakhetsedwa anali a azigogo awo, ndipo munthu sasiya kulira maliro a m'bale wake chifukwa chakuti anafera m'munda wa eni.

Nkhondo yoyamba, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, inafika mpaka pakhomo pathu. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inaombera sitima ya Ajeremani pa Nyanja ya Malawi, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kunachitika nkhondo yoopsa ku Karonga. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino analowa usilikali, ambiri m'gulu la King's African Rifles limene anthu ankangoti Keyala, pamene ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu maulendo ataliatali, ambiri a iwo mochita kukakamizidwa. Njala ndi matenda zinapha amtengatenga ochuluka m'njira. Chipilala cha ku Zomba chili ndi maina a asilikali oposa 1,200, koma a osenza katunduwa simungawapezepo, ndipo ife tikuona kuti apa ndi pamene mwambo wathu umaperewera, chifukwa timatchula onyamula mfuti n'kuiwala amene ankawadyetsa. Pankhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, anyamata athu anakafika ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma.

Nkhondo yoyamba ku Ulaya inatha pa 11 Novembala 1918 nthawi ya 11 koloko m'mawa, ndipo n'chifukwa chake mwambowu umachitika Lamulungu lachiwiri la mwezi umenewu, pamene lipenga limalira anthu n'kukhala chete mphindi ziwiri ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kaduwa kofiira kaja kamaimira maluwa amene anamera m'mabwalo a nkhondo ku Belgium ndi France, ndipo ndalama zimene anthu amapereka pokagula zimathandiza asilikali opuma amene akalamba.

Tsikuli silikupikisana ndi la 3 Malichi ayi. La Malichi ndi la anthu wamba amene anaphedwa mu 1959, monga aja a ku Nkhata Bay, polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene la Novembala ndi la ovala yunifolomu, ndipo masiku ano likukhudzanso asilikali a dziko la Malawi lodzilamulira. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo ali pantchito yosungitsa mtendere, ndipo mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, amene anaomberedwa akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania, bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya ulemu wapamwamba mu 2019. Amasiye ndi ana a anthu amenewa ali moyo lero lino.

Kusukulu kwanuko simufunika chipilala. Tumani ophunzira akafunse agogo awo ngati pamudzi panali wina amene anapita ku Keyala kapena ku mtengatenga, alembe mainawo, ndipo muwawerenge mokweza sabata ya chikumbutsoyo. Mukhozanso kuitana gulu la malipenga kapena mganda, popeza kaguba, mavalidwe ndi maudindo a m'magule amenewa anatengera perete wa asilikali, ndipo ovina achikulire angathe kufotokozera anawo mmene gule wawo anafikira kunyanjako.