Ndalama za kamerazo zisungeni kaye

Achemwali, mwafunsa ngati kagulu kanu koonera agulugufe kangayambe ndi mafoni okha, chifukwa akumauluka musanawajambule, ndipo anzanu ena akuti musonkherane mugule kamera yaikulu ndi ukonde. Ine ndikuti musagule kaye. Ndikuganiza kuti mukumapita masana, komanso mukumayenda chigulu.

Gulugufe amadalira dzuwa kuti thupi lake litenthe. Minofu youlukira imagwira bwino ntchito thupi likafika pafupifupi madigiri 30, n'chifukwa chake m'mawa, mame asanaume, mumamupeza ali phee patsamba atatambasula mapiko kuwothera dzuwa. Nthawi yojambula ndi imeneyo. Dzuwa likafika paliwombo amakhala atachangamuka, ngakhale wa kamera yodula amangotuluka naye thukuta. Madzulo, akamafuna pogona pa udzu, amafatsanso.

Poyandikira, yendani pang'onopang'ono, mowerama, ndipo mthunzi wanu usamugwere. Maso ake sachedwa kuona chinthu chimene chasuntha mwadzidzidzi. Jambulani kamodzi mukadali patali, sunthani phazi, jambulaninso, mpaka mufike pafupi. Akathawa mumakhala muli nako kale koyambira. Foni ikhale moyang'anizana bwino ndi phiko, isapendekeke, kenako dinani pa sikirini pamene pali mutu wake kuti paoneke bwino. Zoom ya foni musaidalire kwambiri, imaphwanya chithunzi.

Koma chimene ndimakonda ine ndi kusathamangitsa n'komwe. Pezani pamene amabwera okha. Padothi lonyowa, m'mbali mwa chithaphwi kapena pamchenga wa m'mphepete mwa mtsinje, amphongo amaunjikana kuyamwa mchere wa m'nthaka, ndipo akatanganidwa choncho mutha kukhala pansi pafupi nawo osakulabadirani. A mtundu wa Charaxes, amphamvu aja othamanga kwambiri, maluwa alibe nawo ntchito kwenikweni. Amafuna zipatso zowola, madzi otuluka pakhungwa la mtengo, ndi ndowe. Inde, ndowe, ndipo zithunzi zambiri zokongola zimene mumaziona zinajambulidwa munthu atagwada pamalo onunkha. Dziwaninso zomera zimene amaikirapo mazira. Papilio demodocus, wamkulu wakuda wa madontho achikasu, amaikira pa masamba a mandimu ndi malalanje, ndipo mbozi yake ikadali yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame. Wamkazi amalawa tsamba ndi miyendo asanaikire, ndiye mukamuona akutera apa ndi apo pamtengo umodzi, imani pomwepo mudikire.

Ukonde usiyeni. Fumbi limene limatsalira m'zala mukagwira phiko ndi timamba tating'onoting'ono, ndipo tikachoka sitimeranso. Kwa anthu ongofuna kuona ndi kujambula, palibe chifukwa chowagwirira.

Tsono nayi mfundo imene magulu ambiri amaiphonya. Aliyense amafuna chithunzi cha mapiko otambasula choti anthu achite nacho chidwi, koma podziwa mtundu nthawi zambiri pamafunikanso kunsi kwa phiko, gulugufe atapinda. Mitundu ilipo yoposa 17,000 padziko lonse ndipo ina imatengerana maonekedwe. Mwachitsanzo, gulugufe wa mtundu wa Danaus chrysippus ali ndi poizoni wochokera ku zomera zamkaka zimene mbozi yake imadya, moti mbalame zimamupewa. Wamkazi wa Hypolimnas misippus alibe poizoniyo koma amaoneka chimodzimodzi, ndipo kuti muwasiyanitse muyenera kuyang'anitsitsa madontho akuda a phiko la kumbuyo. Chithunzi chosakongola chokhala ndi tsiku ndi malo chimathandiza kuposa chokongola chosadziwika kumene chinajambulidwa. Tsegulani GPS pafoni kuti chithunzi chizisunga malo, zithunzizo muziike pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi za zamoyo, limene linayamba mu 2008. Kumeneko odziwa amakuthandizani maina, ndipo ofufuza amagwiritsa ntchito zimene mwaikazo.

Za kayendetsedwe ka gulu, tengerani njira yowerengera agulugufe imene wasayansi Ernest Pollard anakonza ku Britain, yomwe akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira 1976: kanjira kamodzi komweko, kuyendamo mlungu uliwonse kunja kukacha bwino, kuwerenga agulugufe okhawo amene ali mkati mwa mamita 5 kuchokera pamene muli. Ngati zimenezo zikulemera, Big Butterfly Count, kalembera wa agulugufe wa komweko yemwe anayamba mu 2010, amangopempha mphindi 15 pamalo amodzi. Tsiku limene simunaone kanthu lembaninso, chifukwa ndi zimene zimasonyeza nyengo imene mtundu wina umasowa.

Ndipo gawikanani, awiri kapena atatu basi. Wina ajambule, wina alembe m'kope nthawi, malo ndi chomera chimene anaterapo. Ngati muli ndi ana m'gulumo, apatseni ntchito yofufuza kunsi kwa masamba, mazira ndi mbozi amaziona msanga kuposa ife akuluakulu.