Andiuza kuti ndikajambulitse khutu, kodi ndi khansa?

Funso: Adokotala, khutu langa lakumanzere lakhala likutuluka mafinya onunkha kwa zaka ziwiri ndipo silikumva bwino. Mankhwala odonthezera amangothandiza masiku ochepa. Dokotala wa makutu atandiunika anati akuganizira cholesteatoma, ndipo wandituma kukajambulitsa CT, mwina ndi MRI yomwe. Kodi ndi khansa? Nanga kujambula kawiri n'chifukwa chiyani? *Mayi wodandaula*

Yankho: Mayi, mtima ukhale m'malo, cholesteatoma si khansa. Ndi khungu lomwe limakodwa kuseri kwa nembanemba ya khutu n'kumafundukira momwemo mpaka kupanga kathumba. Komabe sindikufuna muipeputse. Kathumbako kakamakula kamadya fupa, ndipo m'kachipinda kameneko muli timafupa titatu timene timakuthandizani kumva. Kochepetsetsa mwa ito, stapes, n'kotalika pafupifupi mamilimita 3 okha. Pafupi pomwepo pamadutsanso mtsempha woyendetsa nkhope.

Dokotala akaunika ndi katochi amangoona nembanemba, za kuseri saziona. CT imajambula mutu m'tizigawo topyapyala tosafika milimita imodzi, ndipo fupa imalionetsa bwino kwambiri. Ine ndikatenga zithunzizo ndimayamba kuyang'ana timafupa tija ngati tili tathunthu, kenako fupa la kuseri kwa khutu, ndi kafupa kopyapyala kolekanitsa khutu ndi ubongo. Wochita opaleshoni amafuna adziwiretu zonsezi asanagwire mpeni.

Koma pa CT mafinya, mnofu wotupa ndi cholesteatoma zimaoneka zotuwa mofanana. Apa m'pamene MRI imathandiza, makamaka ya mtundu wa diffusion, chifukwa cholesteatoma imawala mbee, ngakhale yaing'ono mamilimita 2 kapena 3. Si aliyense amafunika zonse ziwiri. Nthawi zambiri MRI timaifuna pofufuza ngati kathumba katsalira kapena kabwerera pambuyo pa opaleshoni.

CT imatha m'mphindi zochepa ndipo imagwiritsa ntchito X-ray, choncho ngati muli oyembekezera muneneretu. MRI ilibe X-ray, koma imasokosa ndipo mumagona osagwedezeka pafupifupi theka la ola. Ngati muli ndi chitsulo chilichonse m'thupi, auzeni musanalowe.

Pitani mukajambulitse, mayi, chifukwa chotupachi chimachoka ndi opaleshoni, osati madontho. Pakadali pano madzi asalowe m'khutumo. Mukayamba kumva chizungulire, mutu kuwawa kwambiri, kutentha thupi, kapena pakamwa pakayamba kupotokera mbali imodzi, musadikire tsiku limene anakupatsani, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.