Bando yaikulu siikuthandizani, achimwene

Mnyamata wina wandilembera kuti kagalimoto kake ka roboti kamangowomba khoma akamakayendetsa pa intaneti ya pafoni. Akufunsa ngati agule bando yaikulu kapena Starlink, intaneti yodzera pa satelayiti. Funsoli landikhudza penapake.

Zimenezi ndinaziona pa chionetsero cha ana asukulu. Mwana anadina batani lopitira kutsogolo, kagalimoto duu. Anadinanso, kenako n'kungokanikiza osasiya. Netiweki itatseguka, malamulo onse amene anaunjikana m'njira anafika kamodzin'kamodzi, kagalimoto liwiro, n'kugwa patebulo, tayala uko, batire uko. Anthu anafa nazo nseko, ena n'kumati wagula zida zachinyengo. Zinandiwawa, poti zidazo zinalibe mlandu.

Kuchedwa pakokha munthu amakuzolowera. Mu 1970 akatswiri a Soviet Union ankayendetsa galimoto ya roboti yotchedwa Lunokhod 1 pamwezi, iwo ali ku Crimea, chithunzi chilichonse chikubwera patapita masekondi angapo, koma inagwira ntchito miyezi pafupifupi 10. Pa 7 September 2001 dokotala Jacques Marescaux, ali ku New York, anachotsa ndulu ya mayi wina amene anagona ku Strasbourg ku France, pogwiritsa ntchito roboti. Uthenga unkapita n'kubwerera m'mamilisekondi pafupifupi 155 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), pachingwe chosalimbirana ndi aliyense, ndipo nthawiyo sinkasinthasintha. Nkhani yagona pamenepo. Chimene chimaononga ndi jitter: pano uthenga wafika msanga, posakhalitsa wachedwa sekondi yathunthu. Zili ngati kuimbira m'bale wa ku Joni pa WhatsApp, nonse kuyankhula pamodzi, nonse kukhala chete pamodzi.

Ndiye ogulitsa intanetiwa amandinyansa akamatikopa ndi ma Mbps okhaokha, muyeso wa kuchuluka kwa data yodutsa pa sekondi. Lamulo loti “pita kumanzere” ndi kanthu kakang'ono zedi, silifuna msewu waukulu. Ku Mars uthenga umatenga mphindi 3 mpaka 22 ulendo umodzi, ndipo a NASA sayendetsa roboti yawo ya kumeneko, Curiosity, ndi chiwongolero. Amaitumizira ntchito ya tsikulo, zina imadzionera yokha. Roboti yodikira munthu pa chilichonse, kwa ine, ndi roboti yosamalizidwa.

Nanga muchite chiyani?

Tumizani malamulo pa UDP, njira yotumizira data pa intaneti yosadikira zochedwa, chifukwa njira inzake ya TCP imasunga ochedwa n'kuwakhuthula pamodzi. Lamulo lililonse likhale ndi nthawi yake, lakale litayidwe. Pakatha theka la sekondi osamva kanthu, kagalimoto kaime kokha. Chepetsaninso liwiro la kagalimotoko. Za Starlink tidzakambirana mukayesa zimenezi.